Funsani Tidziwe: Nkhani za Ofufuza Milandu Zinayamba Bwanji?

FUNSO: Ndimakonda mabuku amene munthu amaphedwa koyambirira, wakuphayo n'kudziwika patsamba lomaliza. Panopa ndikuwerenga la Agatha Christie lomwe ndinabwereka ku laibulale. Kodi anayambitsa kalembedwe kameneka ndani?
Mphunzitsi, Zomba

YANKHO: Aphunzitsi, ulemu umenewu umapita kwa mlembi wa ku America, Edgar Allan Poe. Mu Epulo 1841, magazini ya Graham's ya mumzinda wa Philadelphia inasindikiza nkhani yake yaifupi yotchedwa The Murders in the Rue Morgue. Mundikhululukire, ndiulula mathero ake, chifukwa mathero akewo ndiwo amaonetsa chimene Poe anayambitsa.

Nkhaniyi ikuchitikira ku Paris. Mayi ndi mwana wake wamkazi aphedwa mwankhanza m'chipinda chapamwamba cha nyumba yosanjikiza, koma chitseko n'chokhoma m'kati. Mtembo wa mtsikanayo aukankhira m'chumuni. Anthu amene anathamangirako atamva kukuwa akuti anamva mawu a munthu wolankhula chinenero chachilendo, koma sakugwirizana kuti n'chinenero chanji. Mfalansa akuti chinali cha ku Spain, Mngelezi akuti chinali Chijeremani, aliyense akutchula chinenero chimene iye mwini sachidziwa. Apolisi asowa pogwira, ndiye angomanga kalaliki wa kubanki amene anabweretsera mayiyo ndalama. Apa mpamene akutulukira C. Auguste Dupin, munthu wamba wokonda mabuku. Iye akufunsa funso limene ena onse sanaliganize: ngati anthu a mitundu yosiyanasiyana onse alephera kumvapo liwu ndi limodzi lomwe, kodi wolankhulayo anali munthu? Kenako akupeza msomali wothyoka pazenera ndi ubweya m'dzanja la mayi wakufayo. Wakupha anali chinyani chachikulu cha ku Borneo, orangutan, chimene chinathawa kwa mwini wake wogwira ntchito m'sitima yapamadzi.

Taonani zimene zili m'nkhani imodzi yokhayi: munthu wanzeru zakuya, mnzake wokhulupirika amene akutisimbira nkhaniyo, apolisi obalalika, munthu wosalakwa ali m'chitolokosi, chipinda chokhoma. Alembi onse obwera m'mbuyo akhala akutunga pachitsime chimenechi. Poe mwiniyo analemba nkhani za Dupin zitatu zokha.

Nanga n'chifukwa chiyani zinayamba nthawi imeneyo? Ntchito ya apolisi ofufuza, a CID monga timawatchulira kuno, inali itangoyamba kumene. Ku France, Eugène François Vidocq, yemwe kale anali chigawenga ndiponso kaidi, anakhazikitsa nthambi ya ofufuza yotchedwa Sûreté cha m'ma 1812, ndipo buku la mbiri ya moyo wake linatuluka mu 1828 n'kuwerengedwa kwambiri. Ku London, apolisi a Scotland Yard anatsegula nthambi yawo mu 1842. Ine ndikuona kuti muzu weniweni uli pamenepa. Kumene wolakwa amapezeka pomumwetsa mwavi, kapena pomugwiritsa chitsulo chamoto monga ankachitira ku Ulaya makedzana, palibe chofufuza. Nkhani zimenezi zinabadwa anthu atayamba kukhulupirira kuti chidindo cha phazi, banga la magazi ndi mawu a mboni zingathe kuloza wolakwa n'kumasula wosalakwa.

FUNSO: Mnzanga wina amati nkhani zofufuza milandu zilimo kale m'Baibulo. Akunena zoona?
Katekisiti, Dedza

YANKHO: Sakunama, abambo, ndipo inu muli nazo pafupi, pakuti zili m'buku la Danieli mitu 13 ndi 14 m'Baibulo la Akatolika. Yoyamba ndi ya Suzana, amene akuluakulu awiri anamunamizira chigololo. Danieli anawapatula n'kufunsa aliyense payekha kuti anamuona pansi pa mtengo wanji. Wina anatchula mtengo uwu, wina uwo, bodza n'kuyera. Apolisi mpaka lero safunsa mboni ziwiri pamodzi.

Yachiwiri ndi imene ndimaikonda. Mfumu inkakhulupirira kuti fano la Beli limadya chakudya chimene ankaliikira usiku uliwonse. Danieli anawaza phulusa pansi m'kachisi monse asanatseke chitseko n'kuchidinda. Kutacha chakudya chonse chinali chitatha, chidindo cha pachitseko chili chosasweka, koma paphulusa panali mapazi a amuna, akazi ndi ana. Ansembe ndi mabanja awo ankalowera pakhomo lobisika pansi pa tebulo. Amenewo ndi ena mwa mapazi akale kwambiri amene wofufuza analondolapo m'buku.

Ku China nako kunali nkhani zambiri za oweruza anzeru monga Di Renjie ndi Bao Zheng, amene anali anthu enieni. Kusiyana kwake n'kwakuti zambiri mwa nkhanizo zimatchuliratu wolakwa koyambirira, ndipo nthawi zina mzimu wa wakufayo umabwera kudzathandiza woweruza. Poe ndiye anabisa yankho mpaka kumapeto n'kuletsa mizimu kulowererapo.

FUNSO: Kodi Sherlock Holmes anali munthu weniweni?
Wophunzira wa Fomu 3, Kasungu

YANKHO: Ayi mwanawe, koma sindiwe woyamba kufunsa. Anthu a m'mayiko ambiri ankalemba makalata ku 221B Baker Street, London, kupempha Holmes awathandize, moti kampani ya Abbey National, imene maofesi ake anali pamalo pamenepo, inachita kuika mlembi woyankha makalatawo.

Holmes anamupeka ndi dokotala wa ku Scotland, Arthur Conan Doyle. Pophunzira udokotala ku Edinburgh, Doyle anali ndi mphunzitsi dzina lake Joseph Bell, amene ankangoyang'ana wodwala, manja ake, kayendedwe kake ndi matope a kunsapato zake, n'kumuuza ntchito imene amagwira ndi kumene wachokera, iye asanatsegule pakamwa. Doyle anatenga maso a Bell n'kuwapatsa wofufuza milandu. Buku loyamba, A Study in Scarlet, linatuluka mu 1887, ndipo analigulitsa pa mapaundi 25 okha. Kutchuka kunadza mu 1891 pamene magazini ya The Strand inayamba kusindikiza nkhani zazifupi za Holmes mwezi ndi mwezi.

Chodabwitsa n'chakuti Doyle anatopa naye munthu wakeyu, poti mtima wake unali pa mabuku a mbiri yakale. Mu 1893 anamuphera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland akulimbana ndi mdani wake Moriarty. Owerenga anakwiya kwambiri, ndipo Doyle anagonja: The Hound of the Baskervilles inayamba kutuluka mu 1901, ndipo mu 1903 anafotokoza kuti Holmes sanafe pamathithi paja. Zonse pamodzi pali mabuku aatali 4 ndi nkhani zazifupi 56.

Pali chinthu china chimene ndimamulemekezera Doyle koposa mabukuwo. Loya wina wachinyamata, George Edalji, amene bambo ake anachokera ku India, anamangidwa pomunamizira kuti ankatema mahatchi usiku. Doyle atakumana naye anaona mmene ankayandikitsira nyuzipepala kumaso powerenga, ndipo monga dokotala anazindikira kuti munthu wa maso ofooka chotero sakanatha kuyenda m'minda usiku wamdima n'kuchita zimenezo. Analemba za nkhaniyi m'manyuzipepala mosatopa, ndipo mu 1907 boma linamukhululukira Edalji.

FUNSO: N'chifukwa chiyani anthu ambiri m'mabuku a Agatha Christie amafa ndi poizoni?
Namwino, Mzuzu

YANKHO: Amayi, chifukwa chake n'chakuti anali mnzanu pantchito. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse ankasamalira asilikali ovulala kwawo ku Torquay, kenako anamusamutsira kuchipinda chokonzera ndi kugawira mankhwala. Kumeneko anaphunzira mlingo umene umachiza ndi mlingo umene umapha. Mkulu wake Madge anali atamuuzapo kuti sangathe kulemba nkhani yofufuza mlandu, ndiye mu 1916 anakhala pansi n'kulemba The Mysterious Affair at Styles. Ofalitsa mabuku angapo anaikana mpaka inatuluka mu 1920. Wofufuza wake, Hercule Poirot, anamupanga kukhala wa ku Belgium chifukwa m'tauni yakwawo munali anthu a ku Belgium othawa nkhondo. Analemba mabuku 66 a mtundu umenewu.

Za mankhwala sankalemba zongoganizira. M'buku la The Pale Horse la 1961 anafotokoza mwatsatanetsatane zizindikiro za poizoni wa thallium, kuphatikizapo kuthothoka tsitsi. M'ma 1970, namwino wina pachipatala cha ku London amene ankawerenga bukuli anazindikira zizindikiro zomwezo pa kamwana kamene madokotala anali atasowa nako chochita. Atayeza anapeza kuti analidi thallium, ndipo mwanayo anachira.

Luso lalikulu la Christie ndi chilungamo chake kwa wowerenga. Buku lake lili ngati ndagi: zonse zofunika kuti muyankhe wakupatsani, palibe chimene wabisa m'thumba, koma mumalepherabe, ndipo akakuuzani yankho mumagwira pakamwa. Mukafuna kuona mpaka pamene luso limeneli lingafike, funani The Murder of Roger Ackroyd la 1926. Limenelo sindiulula.

FUNSO: Kusekondale tinkabwerekana mabuku a James Hadley Chase mpaka zikuto kung'ambika. Anali wa mzinda uti ku America? Nanga Aafrika salemba zotere?
Dalaivala, Limbe

YANKHO: Achimwene, Chase sanali wa ku America. Anabadwira ku London mu 1906, dzina lake lenileni linali René Raymond, ndipo ankagulitsa mabuku asanayambe kulemba ake. Misewu ndi kalankhulidwe ka zigawenga za ku America ankazitola m'mapu ndi m'mabuku otanthauzira mawu. Buku lake loyamba, No Orchids for Miss Blandish, linatuluka mu 1939. Ake ndi a mtundu wina: wolakwa mumamudziwa kale, chokusowetsani tulo n'chakuti athera pati.

Aafrika amalemba, ndipo bwino. Pali Kwei Quartey wobadwira ku Ghana ndi wapolisi wake Darko Dawson. Unity Dow, amene anakhalapo woweruza wa khoti lalikulu ku Botswana, analemba The Screaming of the Innocent, lonena za mtsikana wophedwa chifukwa cha zizimba, nkhani imene kwa ife si yachilendo. Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, anatchuka ndi Mma Ramotswe wa ku Gaborone, mayi wofufuza za amuna osowa ndi antchito akuba mothandizidwa ndi kudziwa kwake anthu.

Koma amene ndikufuna alembi athu amuyang'anitsitse ndi Deon Meyer wa ku South Africa. Mabuku ake amawalemba m'chinenero chake cha Afrikaans, ena n'kumamasulira m'zinenero zambiri. Nafenso tili ndi zonse zofunika: mkangano wa munda, chuma cha masiye, ndalama za mpingo zosowa m'kabati yokhoma, ng'ombe zotuluka m'khola agalu osauwa. Ndikulakalaka kuwerenga nkhani yotere m'Chichewa, wofufuza wake akhale mzamba kapena nyakwawa, munthu wodziwa kuti m'mudzimo ndani amayenda usiku ndipo ndani sapatsana moto ndi mnzake.