24h Tremblant: kutsetsereka pa cipale cofewa pothandiza ana

Kodi munamvapo za phiri la Mont-Tremblant? Lili ku Quebec, m'dziko la Canada. Kumeneko mu Disembala kumacitika mwambo wochedwa 24h Tremblant, umene unayamba mu 2001. Anthu amamanga ma ski kumapazi n'kumatsetsereka mosinthana kwa maola 24, usana ndi usiku, posonkhetsa ndalama zothandizira ana. Zina zimapita ku Fondation Charles-Bruneau, bungwe lolimbana ndi khansa ya ana.

Komatu ku malo oterewa nyengo imavuta. Mphepo ikakula, mipando yapacingwe yokwezera anthu kuphiri amaiimitsa, kuopa ngozi. Cipale cikamagwa cambiri, njira sioneka bwino, ndipo kuzizira kumaumitsa zala ndi makutu. Mukadzapitako, mudzavale zofunda, mudzamvere oyang'anira phiri.