Kilachi

Kilachi ndi chopondera chakumanzere pa zitatu za galimoto yosintha magiya pamanja. Ukachiponda, injini imalekana ndi magiya. Ukachisiya mwaphuma, galimoto imadumpha n'kuzima, anyamata a minibasi akukuseka.

Koma makaniko akati "kilachi yatha", sakunena chopondera ayi. Akunena mbale ya mkati yomwe yaperepeseka: injini imalira kwambiri, liwiro osaoneka, kafungo kopserera kali thoo.

Kagalimoto kothamanga ngati Suzuki Swift Sport ya magiya 6 kamakoma pa msewu wokwera ku Zomba Plateau. Pa mdipiti wa m'mawa pa Masauko Chipembere Highway, mwendo wakumanzere ndiwo umalipira. Mukaima, ikani pa nyutulo, phazi lichoke pa kilachi.