Ana amene ankati sangaphunzitsike

Kumayambiriro kwa chaka cha 1800, anthu a m'chigawo cha Aveyron ku France anagwira mnyamata wa zaka pafupifupi 12 amene ankakhala yekha m'nkhalango. Sankalankhula, zovala ankazikana, ndipo akamuitana sankacheuka n'komwe. Atapita naye ku Paris, dokotala wotchuka wa matenda a maganizo, Philippe Pinel, anamupima n'kugamula kuti mutu wake sudzagwira kanthu mpaka kalekale. Dokotala wina wachinyamata, Jean Itard, sanagwirizane nazo. Anamutcha dzina loti Victor, ndipo anamuphunzitsa kwa zaka zisanu. Victor sanafike polankhula, komabe anaphunzira kuvala, kudya pamodzi ndi anthu ndiponso kusanja zilembo akafuna mkaka. Ambiri amati maphunziro a ana a ulumali wa m'ubongo anayambira pamenepa.

Édouard Séguin, amene anasulidwa ndi Itard, anapitiriza ntchitoyi. M'buku lake la mu 1846 anafotokoza kuti mwana wotere uyambe wamuphunzitsa kugwiritsa ntchito manja, maso ndi makutu, nzeru zizibwera pambuyo. Kenaka anasamukira ku America, kumene Samuel Gridley Howe anali atatsegula sukulu ku Boston mu 1848 ndi ana khumi, boma la Massachusetts likupereka madola 2,500 pachaka. Cholinga chinali choti mwana aphunzire, abwerere kwawo, akakhale ndi abale ake.

Zinthu sizinayende choncho. Sukulu zotere zinakula, zinadzaza, mpaka zinasanduka malo ongosungirako anthu. Kunabuka chiphunzitso choti ulumali wa m'ubongo ukuwononga mtundu, ndipo mu 1927 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linavomereza kuti boma litha kutseka anthu otere kuti asabereke. Anthu oposa 60,000 anachitidwa zimenezi. Ku Willowbrook, ku New York, malo omangidwira anthu 4,000 ankasunga 6,000 pofika 1965. Mu 1972 mtolankhani Geraldo Rivera analowako ndi kamera, ndipo dziko lonse linaona pa kanema ana ali mbulanda pansi, opanda wowasamalira.

Amene anasintha zinthu ndi makolo. Mu 1950 anakumana ku Minneapolis n'kukhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa The Arc. Popeza sukulu za boma zinkawabweza, ankasonkha ndalama, kulemba mphunzitsi, ana n'kumaphunzira m'zipinda za matchalitchi. Mu 1971 makolo a ku Pennsylvania anasumira boma, loya wawo ali Thomas Gilhool, chifukwa cha lamulo lolola sukulu kukana mwana amene akuti nzeru zake sizinafike pa za mwana wa zaka zisanu. Boma linagonja. Chaka chotsatira, bwalo lina ku Washington linagamula kuti kuchepa kwa ndalama si chifukwa chothamangitsira mwana wolumala. Pa 29 Novembala 1975, Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo lopereka maphunziro aulere kwa mwana aliyense wolumala, aliyense ndi pulani yakeyake yolembedwa pamodzi ndi makolo. Nyumba ya malamulo inapeza kuti ana pafupifupi 1 miliyoni sankaloledwa kuponda m'kalasi.

Zitseko zitatseguka, aphunzitsi a ku sekondale anagwira njakata: achinyamatawa awaphunzitse chiyani? Nzeru imene inalipo inali yoti mwana umutsate pa msinkhu wa maganizo ake. Motero mnyamata wa zaka 18, ndevu zitamera, ankatha tsiku akusanjikiza timatabwa ndi kupaka utoto pa zithunzi za ana a mkaka, chifukwa mayeso anati ubongo wake ndi wa zaka zitatu. Ankachoka pasukulu asakudziwa kuwoloka msewu.

Anthu awiri anatsutsa kwambiri zimenezi. Marc Gold anatenga achinyamata amene aliyense anali atawataya, n'kuwaphunzitsa kulumikiza buleki ya njinga ya zidutswa 15. Ntchitoyo anaiduladula m'magawo ang'onoang'ono, gawo lililonse n'kulibwereza mpaka litalowa m'manja, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mfundo yake inali yoti wophunzira akalephera, mphunzitsi ndiye asinthe njira. Lou Brown wa ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison, mu 1976, anapereka muyeso wina: phunziro lililonse liyesedwe ndi moyo umene wachinyamatayo adzakhale akadzakula. Ngati ntchito ili yoti iye akapanda kuichita wina adzayenera kumuchitira, imeneyo ndiyo yofunika kuiphunzitsa. Anaonanso kuti ophunzira ambiri otere sachedwa kuiwala kapena kusokonezeka malo akasintha, choncho kugula kuphunzitsidwe m'sitolo yeniyeni ndi ndalama zenizeni, kukwera basi kuphunzitsidwe pa siteji.

Apa m'pamene panachokera maganizo okonzekeretsa wophunzira kutuluka m'sukulu. Madeleine Will, mkulu wa m'boma amenenso anali mayi wa mwana wa Down syndrome, anakankha nkhaniyi mu 1984. Lamulo la mu 1975 lija litakonzedwanso mu 1990 n'kutchedwa IDEA, linalamula kuti pofika zaka 16 pulani ya wophunzira inene kumene akupita: ntchito, pokhala ndi kayendedwe. M'zigawo zambiri amaloledwa kukhala pasukulu mpaka zaka 21. Mu 1996 chipatala cha ana ku Cincinnati chinayambitsa Project SEARCH, mmene ophunzira amathera chaka chawo chomaliza ali pantchito penipeni.

Koma ena anayamba kufunsa ngati kuchapa mbale ndi kupinda zovala sikunasandukenso malire atsopano. Mu 1997 lamulo linati ophunzirawa alandirenso maphunziro amene anzawo akulandira ndipo aziyesedwa m'njira yowayenera. Kafukufuku wa Diane Browder ndi anzake anasonyeza kuti achinyamata a ulumali waukulu atha kutsata nkhani ya m'buku, masamu ndi sayansi, zikakonzedwa ndi zithunzi ndi zinthu zogwirika. Mu 2017, pa mlandu wa Endrew F., bwalo lalikulu linati sukulu isakhutire ndi kupita patsogolo kongonamizira.

Lero mphunzitsi wa kalasi yotere amagawa tsiku pawiri: m'mawa kuwerenga, ena akuyankha kudzera pa tabuleti yolankhula, masana kupita kumalo a ntchito. Amayang'aniranso othandizira m'kalasi, mankhwala, ndi ena odya kudzera m'chubu. Boma lalikulu linalonjeza mu 1975 kuti lizithandiza ndi ndalama zofika 40 peresenti ya mtengo wophunzitsira mwana mmodzi, koma silinafikepo pamenepo, ndipo aphunzitsi a ntchitoyi akusowa m'zigawo zambiri. Wophunzira akakwanitsa zaka zotulukira, ufulu umene lamulo la sukulu linkamupatsa umatheranso pomwepo, ndipo mabanja ambiri amadikira zaka kuti mwana wawo apeze thandizo la akuluakulu. Nkhondo imene makolo akumenya tsopano ndi imeneyi.