Dilamu la A Nkoloso

Dzina la a Edward Mukuka Nkoloso ndinalimva koyamba pa 21 June 2001, tsiku la kadamsana. Ndinali mwana wa zaka 12, tili kumudzi kwathu m'dziko la amfumu Nkomeshya ku Chongwe. Itangopitirira 3 koloko masana kunazizira mwadzidzidzi, nkhuku zinathamangira m'khola, dzuwa n'kusanduka mphete yoyera yozungulira chinthu chakuda bii. Mdimawo unakhala mphindi zitatu ndi pang'ono. Kutayeranso, ambuya anga aamuna, amene anagwirapo ntchito mu Lusaka nthawi ya atsamunda, anachotsa magalasi a pepala kumaso n'kunena kuti, "Nkoloso akanakhalapo, bwenzi akuti wazimitsa ndi iye." Akuluakulu onse anaseka. Ine sindinadziwe chimene akuseka.

Ambiri a inu munaonapo kavidiyo kake pa Facebook kapena pa TikTok: anyamata akulumphalumpha pamzere, wina akulowa m'dilamu anzake n'kumukunkhuniza pachitunda, mdala wovala chisoti cha usilikali akuyankha mafunso a mtolankhani wachizungu nkhope ili gwa. Pansi pake timalemba zoseka. Inenso ndinasekapo. Koma nkhaniyi siyambira pa dilamu.

A Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lino. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse anali sajeni m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, kumbali ya zotumiza mauthenga. Atabwerako anakhala mphunzitsi, anatsegula sukulu yawo, boma la atsamunda n'kuitseka. Analowa ndale zomenyera ufulu ndipo anamangidwa mu 1956 ndi mu 1957. Pambuyo pake anakhala wa UNIP. Ndiye kuti munthu amene dziko lonse linamuseka mu 1964 anali atalawa kale nkhondo ya eni ndi ndende ya eni.

Mu 1960 anakhazikitsa bungwe la dzina lalitali kuposa katundu wake: Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Likulu lake linali famu yosiyidwa, makilomita ngati 11 kuchokera mu Lusaka. Cholinga chinali kufika kumwezi, kenako ku Mars, America ndi Soviet Union asanafike. Ophunzira awo anawatcha Afronauts. Dilamu lija linali lozoloweretsa thupi kugubuduzika, ndipo kunalinso katungwe wa chingwe woti munthu amve kupepuka. Roketi inali ya aluminiyamu ndi kopa, dzina lake D-Kalu 1, polemekeza a Kenneth Kaunda. Inayenera kunyamuka pa 24 October 1964, tsiku la ufulu. Ku UNESCO anapempha mapaundi 7 miliyoni. Sanapatsidwe.

Tinene zoona, roketiyo sikanapita kulikonse. Kuti chinthu chithawiretu mphamvu yokoka ya dziko lapansi chiyenera kuthamanga makilomita 11.2 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limenelo, ulendo wochoka pa Chongwe kufika m'tauni, umene minibasi imatha nawo ola lathunthu ikaimaima, ungatenge masekondi anayi. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Mars, ngakhale itayandikira bwanji, sitsika pansi pa makilomita 54 miliyoni. Katungwe sangakufikitseko.

Komabe taonani amene anasankhidwa kukwera. Ulendo wa ku Mars unali wa mtsikana wa zaka 17, Matha Mwamba, amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi. Amphakawo ndiwo amaseketsa anthu kwambiri. Koma pa 18 October 1963, chaka chimodzi chisanafike tsiku la D-Kalu, dziko la France linali litaponya m'mlengalenga mphaka wotchedwa Félicette, ndipo anabwerako wamoyo. A ku Paris palibe anawatcha amisala. Za mtsikana nazo: Soviet Union inatumiza Valentina Tereshkova mu June 1963, koma America inadikira mpaka 1983 kuti itumize mkazi wake woyamba, Sally Ride. Ngakhale kugubuduza munthu sikunali kwachilendo. Oyenda m'mlengalenga oyamba a NASA, a pulogalamu ya Mercury, ankawamangirira m'makina owazunguza mbali zonse mpaka mutu kuzungulira. Kusiyana kwake, awo anali ndi magetsi ndi ndalama, athu anali ndi chitunda.

Mmishonale uja ndiye amandiimitsa nthawi zonse. A Nkoloso analemba kuti ayang'ana Mars ndi makina oonera kutali ndipo apeza kuti kumeneko kuli anthu osatukuka, koma mmishonaleyo amuchenjeza kuti asakawakakamize Chikhristu ngati sakuchifuna. Werenganinso mawu amenewo. Akulankhula ndi munthu wobadwira m'dziko limene azungu anabwera ndi Baibulo ndi msonkho, n'kutcha makolo ake osatukuka. Ine sindikhulupirira kuti anawalankhula mwangozi. Mlembi wa kuno kwathu Namwali Serpell anafufuza nkhaniyi, n'kulemba mu The New Yorker mu 2017 kuti mwina zonsezi zinali nthabwala yolasa atsamunda imene atolankhani akunja sanaimve. Anaikanso a Nkoloso ndi Matha m'buku lake la 2019, The Old Drift. Maganizo anga ndi akuti mdalayo anali pawiri: ankaseka, komanso ankafunadi kupita. Aliyense amene anakulira mukomboni amamudziwa munthu wotere, amene amakuuza zosatheka maso ali phee, iwe osadziwa ngati akukunyoza kapena akulota.

Mapeto ake anali achete. Ndalama sizinabwere, boma linati silikukhudzidwa, ophunzira anabalalika. Matha anatenga pakati ndipo makolo ake anamutenga. Pamenepa pamandiwawa. Nkhani zambiri zimamutchula m'chiganizo chimodzi ngati chifukwa chimene ntchito inafera, ngati kuti popanda mimbayo roketi ikanauluka. Mu July 1969 Neil Armstrong anaponda pamwezi.

A Nkoloso sanathere pamenepo. Anagwira ntchito pa African Liberation Centre mu Lusaka, pamalo othandizira omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe amene anali asanamasuke. Mu 1983, ali ndi zaka 64, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Anamwalira pa 4 March 1989. Izi kavidiyo kaja sikanena.

Kwathu kuno kuyang'ana kumwamba si chinthu chobwera ndi azungu. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, kukoka mitambo, motsogozedwa ndi amfumu Nkomeshya Mukamambo II. Ndipo mdima uja wa 2001 uli ndi chifukwa chimene ndinachidziwa nditakula: dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400, komanso lili kutali kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400, n'chifukwa chake kambale kakang'ono kamatha kuphimba chimoto chonsecho ndendende. Mwezi ukutithawa masentimita 3.8 chaka chilichonse. Zimenezi amaziyeza poombetsa kuwala kwa leza pa magalasi amene a Apollo anasiya pamwezi. Tsiku lina, zaka mamiliyoni mazanamazana kutsogoloku, mwezi udzachepa kwambiri m'maso mwa okhala pansi pano ndipo kadamsana wathunthu sadzaonekanso.

Madzulo a tsiku limenelo ndinafunsa ambuya ngati a Nkoloso anawaonapo ndi maso. Anati inde, kangapo, akuyenda m'tauni ndi chisoti chawo. Ndinafunsanso ngati anali wamisala. Anakhala chete kanthawi akusonkheza moto, kenako anandituma kukatseka khola la nkhuku, zimene tsiku limenelo zinali zitalowa kawiri.