Loya Amene Anaopa Mwazi wa Anthu Ake

Tikamawerenga mbiri ya Daniel O'Connell wa ku Ireland, timakumana ndi munthu amene anaphunzira mtengo wa mwazi mwa njira yowawa. Iye anabadwa mu 1775 m'chigawo cha Kerry, nayamba uloya mu 1798. Masiku amenewo Mkatolika sankaloledwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Mu 1815, atakangana ndi John D'Esterre, awiriwo anapangana zowomberana mfuti, ndipo D'Esterre anafa. Imfa imeneyi inamulasa mtima O'Connell moyo wake wonse.

Nkhondo yake yotsatira inali yopanda zida. Mu 1823 anayambitsa bungwe la Catholic Association, ndipo amphawi ankasonkha kobiri limodzi pamwezi. Mu 1828 anthu a ku Clare anamusankha kukhala phungu wawo. Boma la ku London linagonja, ndipo mu 1829 Akatolika analoledwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo.

Mayeso aakulu anadza mu 1843, pamene iye ankamenyera zoti Ireland akhalenso ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake. Boma linaletsa msonkhano wake waukulu wa ku Clontarf, nilitumizako asilikali. O'Connell anauza khamulo kuti lisapite. Ambiri anamuyesa wamantha, ndipo anamwalira ku Genoa mu 1847, ali paulendo wa ku Roma, asanaone chimene ankafunacho.

Kodi tinene kuti analephera? Ife tikuona m'busa amene analola kutaya ulemu wake kuti nkhosa zisaphedwe.