Mbiri ya Kuwerenga Nkhani Zopeka Pakati pa Achinyamata a ku Namwera

Dera la Namwera, lomwe lili pamwamba pa mapiri a kum'mawa kwa tawuni ya Mangochi, m'dziko la Mfumu Jalasi, kufupi ndi chipata cha Chiponde cholowera ku Mozambique, linadziwa zilembo kalekale buku la nkhani yopeka lisanafike m'manja mwa mnyamata kapena mtsikana wa kumeneko. Zilembo zoyambazo zinali za Chiarabu, ndipo zinabwera ndi amalonda komanso mashehe amene ankayenda pakati pa nyanja ya Malawi ndi madoko a Kilwa ndi Zanzibar, kotero kuti pamene Angerezi ankamanga linga la Fort Johnston mu 1891 ndi kugonjetsa Jalasi mu 1895, mafumu ena a Chiyao anali kale ndi alembi owalembera makalata a Chiswahili. Mwana wa ku madarasa, omwe ndi masukulu a Chisilamu ochitikira pa mzikiti kapena pakhonde pa mwalimu, ankalemba ndime za Qur'an pathabwa losalala, n'kuziloweza mokweza mawu, kenako n'kutsuka thabwalo kuti alembepo ndime ina. Kuwerenga kotereku kunali kwa chipembedzo ndi malonda, pamene nkhani zosangalatsa ndi zophunzitsa khalidwe zinkakhala pakamwa pa agogo madzulo, ndiponso m'nyimbo ndi malangizo a ku jando ndi ku nsondo, zinamwali za anyamata ndi atsikana.

Zilembo za Chilatini zinafika ndi amishoni, makamaka a mpingo wa Anglican wa UMCA amene anakhazikika kwa Mponda ndi ku Malindi, kenako ndi Akatolika a chipani cha Montfort. Makolo ambiri achisilamu sankafuna kutumiza ana awo ku masukulu amenewa poopa kuti akabatizidwa ndi kusinthidwa mayina, mantha omwe sanali opanda maziko, chifukwa sukulu ya mishoni inali khomo lolowera mumpingo. Chotsatira chake chinali chakuti kwa zaka zambiri derali linatsalira pa chiwerengero cha anthu odziwa kuwerenga mabuku a sukulu, ngakhale kuti Chiyao chinali chimodzi mwa zilankhulo zoyamba kulembedwa m'dziko muno. Duff MacDonald anasindikiza nthano za Ayao m'buku lake la Africana mu 1882, wansembe Yohanna Barnaba Abdallah wa ku Unangu anatulutsa mbiri ya mtundu wake, Chiikala cha Wayao, mu 1919, ndipo Baibulo lonse linalipo m'Chiyao pofika 1920. Komabe chiyambi chabwino choterechi sichinabale mwambo wolemba nkhani zopeka zazitali m'chilankhulocho.

Nkhani yopeka yaitali, yomwe ena amaitcha novelo, inabadwira kwina, m'Chinyanja cha m'chigawo chapakati. Samuel Yosia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo polowa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo bukulo litapambana linasindikizidwa mu 1933, kenako T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Nkhaniyi imatsata moyo wa mwana wa Chichewa amene amakula mopulupudza bambo ake atamwalira, n'kukhala wakuba, n'kupita kukasaka ntchito kunja kwa dziko, mpaka pamene amabwerera kumudzi, kutembenuka mtima kukhala Mkhristu ndi kulowa ufumu. Luso la Nthara pofotokoza moyo wa kumudzi, milandu, maliro ndi ulendo wa munthu wosauka ndi losakayikitsa, ndipo n'chifukwa chake bukuli lakhala likubwerera pa mndandanda wa mabuku a mayeso a MSCE. Koma njira imene analambula, yakuti wachinyamata asochere, alangidwe, kenako apulumuke mwa kulapa, inakhala chikombole chimene alembi ambiri a pambuyo pake anaumbiramo nkhani zawo. Wophunzira wachisilamu wa ku Namwera, amene kunyumba amalankhula Chiyao, amawerenga bukuli m'chilankhulo chake chachiwiri, ndipo ngakhale ulendo wa Nthondo wokasaka ntchito amauzindikira msanga chifukwa abale ake ambiri ali ku Joni, mathero a nkhaniyo amamusiya panja.

Mabuku ena anatsatira kudzera ku bungwe losindikiza la maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland lomwe linakhazikitsidwa mu 1948, ndipo mwa alembi a nthawi imeneyo ndi ya ufulu utangobwera muli E. W. Chafulumira, Josiah Phiri wa Kalenga ndi Mnzake, ndi John Gwengwe, amene buku lake la Sikusinja ndi Gwenembe linatenga nthano ya m'bale wopha m'bale wake chifukwa cha nsanje, mbalame n'kuulula mlanduwo poimba. Chaka cha 1968 chinabweretsa zinthu ziwiri zimene zinakhudza kwambiri owerenga a kum'mwera kwa nyanja: msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, zomwe zinatseka malo a zilankhulo zina za m'dziko muno m'sukulu ndi pa wailesi, ndipo boma linakhazikitsa lamulo lounika ndi kuletsa mabuku ndi zisudzo. Kuyambira mu 1974 kampani ya Popular Publications ya ku Limbe inayamba kutulutsa mabuku ang'onoang'ono otsika mtengo mu mndandanda wa Malawian Writers Series, ndipo m'zaka zotsatira achinyamata anazolowera mayina a Jolly Max Ntaba, Willie Zingani ndi Whyghtone Kamthunzi, komanso Aubrey Kalitera amene ankalemba m'Chingerezi. Pokhala kuti ndale zinali zoopsa kuzikhudza, alembiwa anakhazikika pa chikondi, umphawi, ufiti ndi mayesero a m'tawuni. Kuopsa kwake kunaonekera pa mwana wa boma lomweli la Mangochi, Jack Mapanje wa m'mudzi wa Kadango, amene buku lake la ndakatulo la mu 1981, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo, iye mwini n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994 anadzaza makalasi ndi ana amene makolo awo sanapondeko kusukulu, ndipo mu 1996 Chiyao chinayamba kumveka pa nkhani za wailesi ya MBC, chaka chomwenso boma linalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'zilankhulo za kwawo, ganizo lomwe silinakhazikike chifukwa cha kusowa kwa mabuku ndi aphunzitsi, mpaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Owerenga anachuluka, koma mabuku sanachuluke nawo. M'masukulu ambiri a sekondale oyendera, buku limodzi limazunguliridwa ndi mitu ingapo, chikuto chake chitamatidwa kangapo, ndipo amene sanalipeze amadalira manotsi a aphunzitsi. Kuunika buku, komwe kuyenera kukhala kuweruza ngati mlembi wakwanitsa ntchito yake, kunasanduka kuloweza mayina a ampangankhani, mfundo zazikulu ndi phunziro la nkhani poyembekezera funso la mayeso, mwakuti ophunzira ena amakhoza bwino buku limene sanaliwerenge mpaka kumapeto.

Chimene chimadabwitsa n'chakuti moyo wa achinyamata a ku Namwera uli ndi zonse zimene novelo imafuna: mnyamata wosiya sukulu kuti akwere basi ya ku Johannesburg, mtsikana wokwatiwa ndi mwamuna amene amangomumva pa foni, ganyu wa m'maesiteti a fodya, malonda a pa Chiponde, ndi mwana amene m'mawa amakhala m'kalasi, masana ku madarasa. Nkhani zoterezi zimakambidwa tsiku ndi tsiku pamsika ndi pa WhatsApp, koma zofika m'buku losindikizidwa n'zochepa kwambiri. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union, osindikiza mabuku ndi akuluakulu amene amasankha mabuku a mayeso ayenera kutsegulira mipikisano ndi mindandanda yawo nkhani zochokera kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kaya zalembedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao.