Chuma cha bungwe la anamwino la NONM

National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, mwachidule NONM, ndi bungwe losachita malonda loyimira anamwino ndi azamba, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Ndalama zake zimachokera ku zopereka za mamembala, komanso kwa zaka zambiri lathandizidwa ndi bungwe la anamwino la ku Norway. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, namwino wa pachipatala cha boma cha Nkhata Bay anazionera pamsika, pogula mulu wa usipa ndi ufa wa kondowole. Bungwe lakenso linapanikizika, popeza mafuta oyendera mamembala m'maboma ndi zolipira pamisonkhano zinakwera. Mwa njira ziwiri zija zopezera ndalama, yomwe NONM ingaidalire chaka ndi chaka ndi zopereka za mamembala ake.